Nkhani Imene a Telala Ankakonzera Alamu Awo

Pa mzere wathu wa mashopu panalibe munthu wodziwa kusunga chakukhosi ngati malemu a Telala. Ena akapsa mtima amatukwana pomwepo n'kuiwala, koma iwo mkwiyo ankachita kuusita n'kuupachika bwinobwino kuti usachite makwinya. Ndipo mkwiyo wawo wonse unali pa munthu mmodzi: alamu awo, amuna a mlongo wawo.

Gwero lake linali jekete. A Telala anasokera mkwati wina suti, ndiye paphwando la ukwatiwo alamu aja atapatsidwa maikolofoni kuti athokoze alendo, anati mkono umodzi wa jeketeyo ukupereka moni pamene unzake wabisala ndi manyazi. Holo yonse inafa nalo phwete. A Telala okha ndiwo sanaonetse dzino.

Kutacha analowa m'shopu mwanga, momwe ndimataipira anthu zikalata ndi kupanga fotokope. Anali atamva pa wailesi kuti kuli chinthu chotchedwa bulogu, tsamba la pa intaneti pomwe munthu amalemba zakukhosi kwake aliyense n'kuwerenga, ndipo ankafuna ndiwatsegulire lawo.

"Ameneuja wandinyoza pamaso pa holo imodzi," anatero. "Ine ndimuyalutsa pamaso pa dziko."

Kunena zoona ndinakondwa, poti alamuwo nanenso sindinkawafuna. Anandiuzapo kuti fotokope zanga zimaoneka ngati zatoledwa m'ngalande. Tsambalo ndinatsegula msangamsanga, n'kukoka mpando kuti tiyambe kuwasambitsa chokweza nthawi yomweyo. A Telala anandiyang'ana ngati ndawauza kuti adule nsalu ndi mano.

"Mwana wanga, nsalu sadula asanayeze. Fulumira adadya gaga."

Kukonzekera kunayambira pamenepo. Choyamba anafuna kudziwa chimene owerenga amanyansidwa nacho kwambiri. Aliyense wobwera kudzayezetsa zovala ankafunsidwa ngati munthu woipitsitsa ndi wabodza, waumbombo kapena wapakamwa. Munthu uli manja tambalale, mapini ali m'khwapa, ukanathawira kuti? Ena anayankha kuti onse atatu, pofuna kungopulumuka.

Kenako mutu wa nkhani. Ankaulemba ndi choko pa tebulo lodulira, kuuyang'ana chapatali diso limodzi atatsinzina, n'kuufufuta ndi chigongono. Wina unali wautali, wina wofatsa kwambiri, wina woti loya akhoza kuukonda. Ndipo nkhaniyo anaipangira patani yeniyeni ya mapepala, monga amachitira ndi suti. Kolala ndiye mawu oyamba, manja ndiwo umboni, matumba ndimo mobisa nthabwala. Zonyoza zenizeni anati ndi mabatani, ndipo mabatani amasokerera pomaliza.

Miyezi inatha, zaka zinatsatira. Ine ndikawafunsa kuti tiyamba liti, yankho linali limodzi: umboni sunakwane. Iwo sankafuna kulemba zamphekesera ngati anthu opanda ntchito. Choncho madzulo akatseka shopu ankapita kunyumba kwa alamuwo kukasonkhanitsa umboni ndi maso awoawo. Ankakhala pa sofa, kumwa tiyi wa mdani wawo, n'kumamuyang'anitsitsa. M'mawa ankandipeza nkhope ikuwala.

"Amatafuna ngati mbuzi. Zimenezo zilowa ku mkono wamanzere."

Vuto lina linali chithunzi. Ankafuna choipa, choti mwana akachiona alire. Koma mzere wonse unkadziwa za bulogu imeneyi, ndipo alamuwo anali atatsinidwa khutu kalekale. A Telala akangotulutsa foni, iwo ankawongola kolala n'kumwetulira ngati ofuna mavoti. Foni inadzaza ndi zithunzi zokongola za munthu amene ankadana naye, moti wokonza mafoni anafunsa ngati ndi m'bale wawo wapamtima. Sanapitekonso.

Mlongo wawo atamwalira tinaganiza kuti nkhondo yatha. Ayi ndithu. A Telala anati tsopano palibenso womuikira kumbuyo, ndipo maulendo ofufuza anawonjezeka mpaka Lamlungu lomwe. Alamuwo anali atatsala okha m'nyumba, ana ali kutali, ndipo khomo lawo panalibenso wina ankagogodapo. Atadwala chibayo, amene anawanyamula pa takisi ndi a Telala omwewo. Namwino wina anatiuza kuti a Telala anagwira dokotala mkono pakhomo la wodi n'kumuchenjeza.

"Adokotala, munthuyu musamutaye. Sanawerenge."

Anachira, ndipo a Telala anawonjezera pa patani yawo thumba latsopano lonena za mmene munthu wamkulu amalirira akaona jakisoni.

Koma amene anatsogola ndi a Telalawo. Anadwala pang'ono chabe, ife tikuti ndi chimfine, basi uthenga n'kutipeza. Ndinalira, ndipo ndinakwiyanso, chifukwa ndinadikira nkhani imeneyi mpaka imvi kuyamba kundimera.

Maliro atatha alamu aja analowa m'shopu mwanga, chipewa chili m'manja. Sananyoze fotokope. Anangopempha kuti ndiwatsegulire tsamba lija. Ndinatembenuza kompyuta kuti aone okha: mbee, ngati nsalu yosadula.

"Ngakhale chiganizo chimodzi?"

"Palibe, bambo."

Anakhala pansi. Kenako anandiuza kuti zaka zonsezi nawonso ankakonzekera yankho loti adzalembe pansi pa nkhaniyo tsiku lomwe idzatuluke. Analiloweza pamtima. Akamva kuti a Telala apeza chonyoza chatsopano, iwo ankasintha ndime. Anali ndi yankho la katafunidwe, la jakisoni, ngakhale la mphuno yawo, imene a Telala anali asanaiganizire n'komwe.

"Munthu woipa mtima ameneuja," anatero. "Wapita dala kuti linditsalire pakamwa."

Masiku ano mzere wathu uli zii. Phokoso la makina osokera lija linkatisokosera, koma pano ndimapezeka ndikutchera khutu kukhoma. Anthu amakayezetsa zovala kwina, kumene safunsidwa mafunso, ndipo amabwerako akudandaula kuti kulibe nkhani. Alamuwo amabwera madzulo, nthawi imene a Telala ankatseka shopu, n'kukhala pa benchi moyang'anana ndi chitseko chokhomacho, milomo ikuyenda yokha. Sindinayambe kuwakonda, koma tiyi ndimawapatsa.

Tsiku lina chisoni chitandigwira ndinawaitana.

"Bambo, bwerani mulinene yankho lanulo. Ndilitaipa laulere, tiliike pa tsamba lomwelo."

Anandiyang'ana, kapu ili m'manja.

"Ndiyankhe ndani, mwana wanga?"