Tsamba Lomaliza la a Bwerezaninso

M'mawa uliwonse a Bwerezaninso ankagunda thumba la malaya katatu, kuona ngati kabuku kawo kalimo. Magalasi ankaiwala, masokosi ankavala osiyana, koma kabukuko ayi.

Ankaphunzitsa aphunzitsi a chilankhulo pakoleji pomwe ine ndimakolopa, koma matenda awo enieni anali kutola mawu. Ukangonena chachilendo, basi: "Bwerezaninso!" Cholembera chili kale m'manja.

Tsiku lina anaponda phazi la mayi wogulitsa zipatso pageti. Mayiyo anawalalatira mpaka mlonda kubisala.

"Bwerezaninso, mayi. Liwu lachitatulo."

"Mukundiyesa chitsiru?"

"Ayi, ndi lokongola! Zaka makumi atatu ndikulisakasaka."

Mayiyo anawatukwananso pang'onopang'ono, iwo akulemba, mpaka kuthokoza.

Ine ndiye ndinkawazemba. Ndine wamanyazi, sukulu ndinalekera kupulayimale, ndipo mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zitatu osatulutsa liwu. Apongozi anali atagamula kale kuti ameneyu za sukulu tiiwale.

Tsiku lina a Bwerezaninso anatipeza m'kalasi, ine ndikukolopa, mwana ali pansi pa desiki.

"Mumacheza naye?"

"Ndizinena chiyani, bambo? Sayankha."

"Chilichonse! Muuzeni za chikolopa. Ameneyu ndi mnzanga, akutola kaye mawu."

Ndinayamba. "Ichi ndi chidebe. Awa ndi madzi akuda. Uyu ndi amako watopa." Ophunzira ankaseka pawindo. Iwo anawalowetsa onse, nkuwakhazika pansi.

"Lembani! Phunziro lake ndi limeneli. Inu mumangoopseza ana ndi galamala."

Atadwala ndinakawaona kuchipatala. Anali atabwerezetsa ngakhale adokotala dzina la matenda kanayi. Anandipatsa kabuku kaja. Patatha sabata anatisiya.

Pakoleji pano pazizira. Anthu amalankhula mawu okoma nkungogwera pansi, wowatola palibe. Mayi wa pageti akuti kutukwana sikukomanso.

Dzana chidebe chinandigwera paphazi. Liwu lachitatu lija linandipulumuka pakamwa. Pansi pa desiki panamveka kamawu kakang'ono:

"Bweyezaninso."

Ndinakhala pansi, m'madzi momwemo. Ndinaseka, ndinalira, kenako ndinapukuta manja nkutsegula kabuku. Ndinalemba ndi zilembo zanga zokhotakhota, y ali pomwepo. Pajatu pondipatsa anati:

"Tsamba lomalizali ndi la mnzanga uja. Akadzanena liwu loyamba, mudzalilembe momwe watchulira. Chonde, musadzalikonze."