Manyowa Amene Ndinawazimitsa

Ndaganiza zolemba ndekha nkhaniyi, chifukwa mmene akuifotokozera anthu pamsika wa Chipyela muli zolakwika zambiri, zina mwa izo za galamala.

Dothi la kuseri kwa nyumba yanga ku Khuyu ndi mchenga ndi miyala. Nditafesa tomato, ndinadziwa kuti popanda manyowa mbande zanga sizidzapita patali. Choncho mlamu wanga wa ku Yofu, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, anabwera kudzandiphunzitsa. Tinasanja udzu wouma, masamba aawisi, ndowe za mbuzi ndi phulusa, uku tikuwaza madzi, kenaka iye anazika ndodo pakati pa muluwo.

"Muwasiye apse, alamu," anatero.

Ndinamukumbutsa kuti mneni "kupsa" ali ndi matanthauzo atatu: nyumba imapsa, ndiwo zimapsa, mango amapsa, ndipo munthu wosamala amatchula limene akunena. (Ndinaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, sichisiyika.) Iye ankanena zina zokhudza ndodo ija, koma ine ndinali ndidakali pa tanthauzo lachiwiri.

Patapita masiku asanu ndinazula ndodo, ndipo inali yotentha. Pamwamba pa mulu pankafuka chinthu chonga utsi, khitchini yathu yofolera udzu ili pomwepo. Ndinathirapo zidebe zisanu ndi chimodzi za madzi. Utayambanso kufunda, ndinathiranso. Mayi a kunyumba anandifunsa mwaulemu ngati ndikukonzekera kuwokera mpunga.

Pakutha pa mwezi mulu unali matope onunkha, mbande zitasanduka zachikasu. Mlamu anabwera, nagwira ndodo yozizira, nandiyang'ana.

"Mwatani nawo?"

"Ndazimitsa moto."

"Moto wake uti? Kutenthako ndiye kupsako."

"Ndiye kuti amapsa ngati nyumba?"

"Ayi."

"Ngati ndiwo?"

"Pang'ono."

"Ngati mango?"

"Kumapeto kwake. Alamu, mukufuna tomato kapena mukundilembetsa mayeso?"

Ndinayankha kuti funso lakelo linali lomangidwa bwino.

Mbande zija zinafa zonse, ndipo ndafesanso zina. Tamanga mulu wachiwiri, umene ukutentha pamene ndikulemba pano. Sindinamvetsebe kuti chinthu chonyowa chimatentha bwanji popanda wochiyatsa, ndipo palibe amene wandipatsa yankho logwira mtima. Ndimapita kukagwira ndodo kawiri pa tsiku, n'kubwerera chimanjamanja, pakuti zidebe zonse mayi a kunyumba anazitsekera m'chipinda, kiyi amayenda naye m'chitenje.