Mkanjo wa a Gulupu Msekaphala

Pulani yonse inabadwira pa chibuku pa Nambuma, paketi yachinayi ili mkati. Mwini nkhani anali Yesaya, amene anzake amamutcha Loya chifukwa anagonapo kupolisi kawiri n'kutuluka akudziwa malamulo onse.

Malume ake, a Gulupu Msekaphala, anali atamwalira, ndipo mpando unkalimbiranidwa ndi ana awiri a alongo awo: Yesayayo ndi Hopeson, mphunzitsi wa Sande sukulu. Yesaya ankaufuna ufumuwo mpaka kuonda nawo, koma mudzi wonse unkati Hopeson watenga kale.

"Magaye, mfumu ndi mkanjo," anatero Loya akumenya tebulo. "Tiube. Mwambo uima. Pakatha sabata ine ndiupeza, mbumba indinyamula m'mwamba."

Anzakewo anavomera kuti mutu ngati umenewu Lilongwe yonse kulibe. Wina anali Sipana, wokonza njinga. Wina anali Kadzidzi, munthu wogona usana, ndipo ndi amene anamusankha kukhala mlonda. Ndikunena zoona.

Tsono kwathu kuno ufumu sachita kufunsira ngati ntchito. Amayi a mbumba amapangana kuseri, wosankhidwayo n'kungomumbwandira mwadzidzidzi pamene wapezekapo. Izi ngakhale mwana amazidziwa, koma chibuku chinali chitazifufuta m'mutu mwa Loya.

Tsiku la msika masana, mudzi uli zii, anafika kunyumba ya mayi Febe, mkulu wa mbumba, kumene mkanjo unkasungidwa m'sutikesi. Sipana anatha theka la ola akulimbana ndi zenera, pamene chitseko chinali chongotsekedwa ndi mtondo. Yesaya analowa, nakulunga mkanjowo pamimba, navala jekete pamwamba, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anatuluka ndi mimba ngati wogula fodya.

Sanayende mapazi khumi. Kuseri kwa chigafa kunatulukira amayi oposa khumi, zitenje m'chiuno, liwiro lake losati masewera, nthungululu zili lululu. Mlonda uja anali akuliza mkonono pansi pa mango. Sipana anadumphira njinga, tcheni chimene anakonza yekha chinaduka, iye m'ngalande khu!

"Tamugwira! Ndi yemweyu!" anafuula amayiwo, wina mkono, wina mwendo.

Loya wathu, katswiri wa malamulo, sanadikire ngakhale funso. Anagwada, namasula jekete, nayamba kusolola mkanjo pamimba ngati matumbo a mbuzi. Anaulula zonse: zenera, pulani, mayina a anzake, mpaka nkhuku ya mayi Faness imene inasowa pa Isitala.

Nthungululu zinazima. Mayi Febe anayang'ana mkanjo, nayang'ana mwanayo, ndipo ine ndinawamvera chisoni, chifukwa anali atamumenyera nkhondo masabata atatu m'zokambirana za mbumba, akuti mayi ake ndiwo aakulu kuposa mayi a Hopeson.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ife timakusaka chiyambire m'mawa. Timabwera kudzakuveka womwewu."

Anaukutumula, naununkhiza, naupereka kwa mayi Faness kuti akauchape. Kenako gulu lonse linatembenuka kulunjika kwa Hopeson, amene anamupeza akusenda mtedza, osadziwa kanthu.

Mlandu woyamba wa mfumu yatsopano unali wa atatuwa, ndipo anawagamula kukonza zenera lija. Kadzidzi anachita kudzutsidwa kuti amve chigamulo. Mkanjo mpaka lero umamukhwepa Hopeson m'mapewa. Yesaya ukanamukwana bwinobwino, nanga si anauyesa kale.