Nsidze za Dayi ku Soshanguve

Pali zinthu zina zimene munthu umachita uli bwinobwino, osaledzera, osalodzedwa, koma ukamazikumbukira umadzifunsa ngati unalidi iweyo. Zanga ine zinachitika ndi nsidze, ndipo zinatsala pang'ono kupachikitsa munthu wosalakwa.

Ndiyambe ndaulula kuti ine nsidze ndilibe. Zilipo, inde, koma ndi zija zokhala ngati chimanga cha chaka cha ng'amba, apa phesi, uko phesi. Kwathu tonse tinabadwa choncho. Nditafika kuno ku Joni n'kupeza ntchito ya m'nyumba ku Centurion, ndinazolowera kujambula nsidze ndi pensulo m'mawa uliwonse ndisanatuluke m'kachipinda kanga ka lendi ku Olievenhoutbosch. Ndinali katswiri ndithu. Bwenzi langa Lenadi, mnyamata wa ku Ntcheu wosamalira maluwa m'nyumba za azungu, anali asanandionepo ndisanajambule, moti ankanditamanda kuti ndili ndi nsidze zokongola. (Ine n'kumayankha kuti zikomo, osachita ndi manyazi omwe.)

Koma pensulo siigwirizana ndi thukuta. Tsiku lina kutchalitchi ndinapukuta kumaso ndi kansalu, n'kubwerera kunyumba ndi nsidze imodzi. Kwaya yonse inandiona, koma palibe anandiuza.

Ndiye mutha kumvetsa mmene mtima unandidumphira Lenadi atandiuza kuti amayi ake abwera pa basi kuchokera kumudzi, afikira kwa amalume ake ku Soshanguve, ndipo Lamlungu akufuna kundiona. Unali mwezi wa Disembala, dzuwa la Pretoria likuswa mtengo. Ndinaganizira za matakisi odzaza, kugwada, kuthandiza kukhitchini, n'kuona nsidze zanga zikutsetsereka m'masaya apongozi akuyang'ana.

Ndinakadandaula kwa Asiyatu, mnzanga wa ku Machinga woluka tsitsi, amene amakhala chipinda choyandikana ndi changa.

"Eish, achemwali, zimenezo n'zodandaula?" anatero. "Pakani dayi ya tsitsi, yakuda ija. Siichoka ndi thukuta. Koma muyese kaye kumbuyo kwa khutu, ndipo ikangogwira pang'ono mutsuke msanga."

M'mawu onsewo ine ndinangomvamo akuti siichoka ndi thukuta.

Loweruka masana nditaweruka ndinagula dayi, n'kusakaniza m'kachivundikiro ka botolo. Zoyesa kukhutu ndinati n'zotaya nthawi. Ndinaima pa kalilole ndi kamtengo ka machesi, n'kuyamba kupaka. Ya kumanja inakhala bwino. Ya kumanzere inanenepa pang'ono, ndiye ndinawonjezera ya kumanja kuti zifanane. Ya kumanja inaposa. Ndinabwereranso kumanzere. Inu amene munadulapo miyendo ya tebulo kuti ilingane mukudziwa kumene nkhani zotere zimathera. Pomaliza nsidze iliyonse inali ngati chala changa chachikulu, ndipo ya kumanzere inakwera m'mwamba ngati ikufunsa funso.

Sindinade nkhawa. Ndinati zosefukirazo zichoka potsuka. Ndinaganizanso kuti dayi ikakhalitsa ndiye kuti igwira bwino, choncho ndinayamba kusita chitenje cha mawa ndikuimba nyimbo.

Kenako panayamba kuyabwa. Kuyabwa kunasanduka kutentha, ngati wina wandipaka tsabola. Ndinathamangira pa mpopi wa panja, kutsegula, mpopi n'kungoti fwee, mpweya wokhawokha. Madzi anali atasiya kuyambira m'mawa, ine ndili kuntchito osadziwa. M'ndowa mwanga munali mouma. Ndinagogoda kwa Asiyatu, pachitseko pali loko. Ndinathamangira kwa amayi eni nyumba, nkhope nditaphimba ndi manja, n'kuwapempha madzi m'chilankhulo chosakaniza chimene ngakhale ine sindinachimve. Anandiyang'ana, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kundipatsa madzi a m'ketulo, ofunda, osadzaza ndi kapu yomwe.

Nditatsuka ndinayang'ana pa kalilole. Zinali pomwepo. Mizere iwiri yakuda bii, yonyezimira ngati phula la pamsewu.

Apa m'pamene munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinatenga sopo wochapira. Sizinatheke. Ndinatenga ndimu ndi mchere. Ndinatenga mankhwala otsukira mano, chifukwa ndinamvapo kuti amachotsa chilichonse. Pomaliza (Mulungu andikhululukire) ndinatenga kasiponji kobiriwira kokwechera mapoto. Dayi sinasunthe, koma timaubweya tanga tochepa tija tinatsalira pa siponji.

Asiyatu atabwera madzulo anangogwira pakamwa.

"Mwayesa kukhutu?"

"Ayi."

"Mwatsuka msanga?"

"Asiyatu, ndithandizeni, mafunso mudzafunse pamaliro anga."

Anandipaka mafuta, nati tidikire kuche.

Kunachadi, koma ndi nkhope ya munthu wina. Chipumi chinali chitatupa, zikope zitalemera moti maso ankangooneka ngati timing'alu, ndipo kuzungulira mizere yakuda ija khungu linali lofiirira ndi losupuka. Ndinaganiza zonama kuti ndadwala. Koma mayi wayenda ulendo wonse uja kuchokera ku Ntcheu, ndipo mawa lake ine kuntchito, iwo Lachitatu abwerera. Ndinatenga duku lalikulu, n'kulimanga motsitsa mpaka linagunda zikope. Kuti ndione njira ndinkachita kukweza chibwano.

Lenadi anandidikira pokwerera matakisi m'tauni.

"Iwe, duku limeneli bwanji? Ukuona koma?"

"Ndi ulemu," ndinatero. "Ukufuna amayi ako anene kuti wapeza mkazi wopanda mwambo?"

"Nanga maso atupa chifukwa chiyani?"

"Sindinagone. Mantha."

Anaseka, nandigwira dzanja. Ulendo wa ku Soshanguve ndi wautali, ndipo tinakhala mpando wakumbuyo, mawindo osatseguka. Thukuta linkalowa m'zilonda zija, ine n'kumaluma mano. Misozi inkangotsika yokha. Mayi wina amene anakhala pafupi nane ankandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana Lenadi ndi diso loipa. Ndikanakhala wochenjera ndikanazindikira pomwepo kumene zinthu zinkalowera.

Amalume a Lenadi ndi mkulu wa mpingo, munthu wokhalitsa ku Joni, amene Amalawi a kumeneko amapitako ndi milandu ya m'banja. Tinawapeza pabalaza ndi akazi awo, ndi amayi a Lenadi, mayi wochepa thupi wolankhula motsitsa. Ndinagwada, n'kupereka moni mutu uli pansi. Anandifunsa za kwathu, za makolo, za mpingo. Ndinayankha bwinobwino, koma ndikuyang'ana matailosi, misozi ikudonthera pa chitenje.

Ndiye Lenadi, mwa chikondi chake, anatambasula dzanja kuti andikwezere duku pang'ono. Ine ndinadzidzimuka, n'kuzinda mutu, mikono nditatchinga kumaso.

Amalume anayang'anizana ndi amayi a Lenadi.

"Lenadi," anatero amalume, "tapita pa shopu ukagule zakumwa."

"Zakumwa zilipo m'firiji, amalume."

"Ndati pita."

Chitseko chitatsekeka, amalume anasendeza mpando kufupi ndi ine.

"Mwana wanga, kuno ku Joni makolo ako ndife. Usaope. Wakumenya liti?"

"Ayi, bambo, sanandimenye."

"Onse amatero. Maso angawa aona maduku ambiri omangidwa chonchi."

"Zoona, bambo, Lenadi sanayambe wandikhudzapo."

"Nanga watupa ndi chiyani?"

Ndinene kuti chiyani? Kuti mtsikana amene mwana wawo akufuna kukwatira anadzikwecha kumaso ndi siponji ya mapoto? Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwangako kunawayankha.

Amayi a Lenadi anayamba kulira, kulira kwa chinunu kosatulutsa mawu. "Achimwene," anatero kwa amalume, "ine ndinapirira zimenezi kwa bambo ake mpaka anamwalira. Ndinkayesa mwanayu sanatengere."

Sindinadziwepo zimenezo. Lenadi anali asanandiuze. Manyazi amene ndinali nawo pa nsidze anachepa pomwepo poyerekeza ndi amene anandigwira tsopano, koma duku lija sindinalimasulebe.

Lenadi analowa atanyamula mabotolo, akumwetulira.

"Ika pansi, ugwade apo," anatero amalume.

Anagwada, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ine sindikhala nkhoswe ya munthu womenya mkazi. Ukwati pano palibe. Ndipo makolo a mwanayu ndiwaimbira ndekha."

"Kumenya ndani? Amalume, ine? Amayi?"

Amayi ake anayang'ana kumbali. Ndiye Lenadi anatembenukira kwa ine. Anangondiyang'ana ngati munthu amene madzi akumutenga.

Ndinakweza manja, n'kumasula duku.

Ndinkangomva wailesi ya nyumba yoyandikana. Anthu anayi akuyang'ana chipumi chotupa, chokhala ndi mizere iwiri yakuda, wina m'mwamba wina m'munsi, popanda ndi kaubweya kamodzi komwe.

"Wakumenya ndi chiyani chosiya mizere yotere?" anafunsa amayi, akadali ndi misozi.

"Ndi dayi, amayi. Dayi ya tsitsi. Ndinapaka ndekha dzulo. Ndilibe nsidze, ndiye ndinkaopa kuti pensulo isungunuka pamaso panu."

Oyamba anali akazi a amalume. Anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi chitenje, koma phwete linawapulumuka, n'kuthawira kukhitchini. Tinkawamva akuseka mpaka kutsokomola. Amalume anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso, kundiyang'ana, n'kuvulanso.

Lenadi akadali chogwada anati, "Ndiye nsidze zija ndinkazitama zija?"

"Pensulo."

"Nthawi yonseyi?"

"Nthawi yonseyi."

Amayi anadzuka, napita kwa mwana wawo, n'kumugwira kumutu. "Pepa, mwana wanga," anatero. Kenako anabwera kwa ine, anandigwira chibwano n'kundiyang'anitsitsa. Ndinati basi, apa ndiye andithamangitsa.

"Iwe, ukuganiza kuti ndatupa miyendo m'basi kudzaona nsidze? Nsidze zimalera ana?" Anapukusa mutu. "Koma chinthu chimodzi ndikuuze. Ukanakhalabe chete pang'ono pokha, ndikanabwerera kumudzi nditamutaya mwana wanga mumtima. Usadzabisenso chinthu mpaka mnzako apsere."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa dayi.

Mpunga ndi nkhuku tinadya mochedwa, chifukwa amalume anayamba anditengera ku famase pa galimoto yawo. Wogulitsa mankhwala atandiona anafunsa ngati ndinayesa kaye dayiyo kumbuyo kwa khutu. Amalume anayankha m'malo mwanga kuti tisayambenso nkhaniyo.

Kutupa kunaphwa patapita masiku. Mizere inatenga nthawi, moti madamu anga kuntchito ankangondifunsa ngati ndakwiya nawo. Nsidze zinameranso, zochepa kuposa kale. Chinkhoswe chinachitika, amalume omwewo ndiwo anali ankhoswe, ndipo polangiza anauza anthu onse kuti m'banja musamakhale zobisirana "ngakhale za pachipumi". Anthu sanamvetse chifukwa chake apongozi anga anagwa nako kuseka.

Masiku ano ndimajambula Lenadi akuona, nthawi zina iye n'kumandiuza kuti ya kumanzere yakwera. Ndinalumbira kuti pankhope panga sipadzafikanso mankhwala achilendo. Sabata yatha Asiyatu anandiuza za mayi wina m'tauni amene amalemba nsidze ndi singano, zokhala zaka osafufutika. Ndinamuuza kuti ine ayi, ndinaphunzira. Ndinangofunsa chabe ngati amatsegula Loweruka masana.