A Mkwapatira Atsitsa Katundu mu Laputopu

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo musafulumire kuseka, chifukwa mwini nkhaniyi sanaseke tsiku limenelo.

Ku Dedza kunali bambo wina dzina lawo a Mkwapatira. Iwowa anakhala zaka zambiri ali kondakitala wa minibasi pa msewu wokwera wa Khwekhwelere, ndipo nzeru imene anatola pa ntchitoyo inali imodzi: galimoto ikamalephera chitunda, tsitsa katundu wolemera. Nzeruyi ndi yabwino ndithu, koma iwo ankaiyesa mankhwala a nthenda iliyonse.

Pa ukwati wa Tiyanjane, mwana wa mlongo wawo, a Mkwapatira monga malume anapatsidwa udindo woyang'anira nyimbo ku holo. Operekeza akwati anali atayeserera kavinidwe kolowera kwa mwezi wathunthu. Akuchimuna nawo anali anthu a mu Lilongwe, aja oona cholakwika asanakhale n'komwe pansi. Malumewo mtima unali m'mwamba.

Woimbitsa nyimbo anali Yotamu, ndipo anabwera ndi laputopu yokalamba. Poyesa nyimbo yolowera ija, pagalasi panangobwera kagudumu kozungulira. Kanazungulira, kanazungulira, nyimbo n'kudzayamba a Mkwapatira atatuluka kale thukuta.

"Iwe Yotamu, mkwatibwi adzaima pakhomo kudikira chimenechi?"

"Yadzaza, malume. Muli mapulogalamu ambiri, ena amadzuka okha ikangoyaka n'kumaidya mphamvu. Taonani, ndichotse imodzi."

Yotamu anafufuta masewera ena ake a Mkwapatira akuonerera, ndipo makinawo anapepukako pang'ono. Kenaka anakumbukira kuti waiwala chingwe cha sipika kunyumba.

"Ndikubwera pompano. Chonde musaikhudze."

A Mkwapatira anapirira mphindi zitatu. Foni inalira: akwati atuluka m'tchalitchi, akujambulitsa panja. Mantha anawagwira. Poyang'ana pagalasi anaona kuti dzina la chinthu chilichonse chosungidwamo lili ndi nambala yosonyeza kulemera kwake.

"Ohoo! Ndi katundu basi," anatero akupinda manja a jekete.

Anayamba ndi mafilimu. Laputopu inachangamukako. Anatsitsa zithunzi, inachangamukanso. Foni inaliranso: galimoto zanyamuka. Apo m'pamene anaona chimtolo cholemera kuposa zonse, cholembedwa kuti "Zanga Zakale". Iwo sankadziwa kuti Yotamu anachitcha dzinalo kalekale, ndipo n'kumene ankasunga nyimbo zake zonse.

"Zakale zikufuna chiyani pa ukwati wa lero?"

Makinawo, mwaulemu wake, anawafunsa m'Chingerezi ngati akutsimikiza, poti katunduyo ndi wamkulu moti sakwana m'bini yosungiramo zofufutidwa, akapita wapitiratu. Koma kondakitala samva madandaulo a wotsitsidwa. Anadina kuti inde.

Abale, laputopu ija inasanduka mwana! Ukangoikhudza yatsegula, ukangoikhudza yatseka. A Mkwapatira anapuma mpweya wautali, napukuta nkhope.

Yotamu anafika wefuwefu nthawi yomwe malipenga a galimoto ankamveka panja. Analumikiza chingwe. Anthu onse anaimirira. Pakhomo operekeza anandanda awiriawiri, mwendo umodzi uli kale kutsogolo, Tiyanjane ali kumbuyo kwawo.

Yotamu anadina. Pulogalamu yoimbira inatseguka ngati mphezi, koma munali mbee. Anafufuza uku ndi uku.

"Malume, nyimbo zili kuti?"

"Ndatsitsa zolemera zokha, mphwanga. Koma waona liwirolo?"

"Zanga Zakale mwazitani?"

A Mkwapatira anacheukira kukhomo. Mu holo munali zii, kupatula khanda lina limene linkalira kumbuyo. Operekeza anatopa n'kubweza miyendo yawo. Mapeto ake amayi a mvano anayambitsa nyimbo ya pakamwa, ndipo Tiyanjane analowa akuyenda wamba, misozi ili chuchuchu. Podutsa pamene panali malume ake sanawayang'ane, ndipo chimenecho chinawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Nkhoswe ya kuchimuna, mayi wachikulire wolankhula mosathamanga, inayandikira pa tebulo la nyimbo.

"Achimwene, tamva kuti makinawa mwawakonza ndinu."

"Akuthamanga tsopano, mayi," anayankha a Mkwapatira ndi mawu otsika, maso ali pansi.

"Eya, akuthamangadi. Nanga afika kuti?"

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akapupuluma n'kuwononga chimene amathamangiracho, akulu amangogwedeza mutu n'kunena kuti: kuthamanga si kufika.