A Hector, Katswiri wa Kufa ku Migowi

Ku Migowi konse, kuyambira pasiteji ya maminibasi mpaka uko amagula nandolo, kunalibe munthu wodziwa kufa ngati malemu a Hector Muliya. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti kufa aliyense angathe. Mwalemba m'madzi. Ambirife tidzangogona basi, osadzukanso. A Hector ankafa ngati munthu woti anachita kupitira kusukulu.

Ntchito yawo yeniyeni anali telala, makina awo opalasa ali pakhonde la sitolo ina moyang'ana msika. Koma mukanalakwitsa n'kuwatchula kuti atelala, ankakuyang'anani pamwamba pa magalasi.

"Ine ndine wazisudzo," ankatero. "Kungoti ndikungoyamba kumene."

Anangoyamba kumene kwa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Zinayamba chaka china kutabuka kolera. Bungwe lina linafuna sewero lochenjeza anthu, ndipo amene anapatsidwa ntchito yosankha ochita seweroli anali a Lusayo, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Karonga. Anaitanitsa onse ofuna kuyesedwa pansi pa mtengo kuseri kwa msika. A Hector anafika atavala jekete loyera lodzisokera okha, poti mumtima mwawo mbali ya dokotala anali ataitenga kale. Tsoka lake, iwo anali munthu woonda, wa maso olowa mkati, khosi lalitali.

A Lusayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo, mukudwala?"

"Ayi, ndi mmene ndinabadwira."

"Basi, vulani jeketelo. Mbali yanu taipeza."

Mbaliyo inali yosavuta: kulowa m'bwalo, kugwira pamimba, kunena kuti "Mayo ine!" n'kugwa. Mwana wa sitandade wani akanaitha. Koma tsiku la sewero, abale inu! A Hector analowa akudzandira, anazungulira bwalo lonse kawiri, anagwira phewa la mayi wina wogulitsa zitumbuwa, anagwada, anadzuka, anayang'ana phiri la Michesi ngati akulitsanzika, kenako khu! pansi. Miyendo inaphiriphitha, n'kuuma. Amayi a m'sewero anayamba kulira maliro. Ali mkati molira, chala chimodzi cha malemu chinadzuka.

"Ndisanapite…"

Bwalo lonse linati zii.

"Ndisanapite, njinga yanga musapatse mlamu wanga Fraser. Sadziwa kupopa."

A Fraser anali pompo, m'gulu la oonerera, ndipo zoti sankadziwa kupopa zinali zoona. Anthu anaseka mpaka kugwirana. A Hector anafanso. Amayi anayambiranso kulira. Chala chija chinadzukanso.

"Ifani, bambo, ifani!" a Lusayo ankanong'ona kuseri kwa chitenje, thukuta lili kamukamu. "Nthawi yatha!"

Anafa kachitatu, ndipo ulendo umenewu anawanyamula msangamsanga asanakumbukire china.

Kuyambira tsiku limenelo, bungwe lililonse lobwera ndi uthenga ku Migowi linkayamba lafunsa kuti bambo wakufa uja ali kuti. A Hector anafa ndi malungo. Anafa ndi kachasu. Anafa ndi chiwewe, akuuwa. Anafa ndi mankhwala ogula pamsika, anafa powoloka mtsinje wodzaza ku Nazombe pabwalo pouma gwa. Tsiku lina mayi amene anayenera kumwalira pochira kwa azamba sanabwere, ndiye a Hector anamanga duku, anakulunga pilo m'chitenje, n'kumwalira pochira. Pa sewero la kusamala chilengedwe anasangalala kwambiri atamva kuti awapatsa mbali ya mtengo. Anaudula.

Inu mukuseka, koma panali chinthu chimene chinkawadya mumtima bambo amenewa. Wakufa amanyamulidwa sewero lisanathe. Anzawo akamandanda kutsogolo, kugwirana manja n'kuwerama anthu akuomba m'manja, iwo ankakhala ali chigonere kuseri kwa chitenje, pamodzi ndi zikwama ndi nsapato za anzawo. Atapempha kuti azitulukako nawo, a Lusayo anakaniratu.

"Musokoneza uthenga. Anthu aziti kolera sapha."

Ndiye panali akazi awo, a Rozaria. Iwo anaonerapo sewero loyamba lija basi. Mawa lake kuchigayo amayi anzawo anawapatsa moni wa pamaliro, ena mochita kugwada, ndipo dzina loti Namfedwa linawakakamira mpaka kutchalitchi.

"Bambo a Happiness," anawauza amuna awo, "ine umasiye wandikwana. Anzanga amafedwa kamodzi, ine Lachinayi lililonse. Tsiku limene mudzafike kumapeto kwa sewero muli chiimire, mudzandiuze. Ndidzabwera ndi mpando wanga, ndidzakhala kutsogolo. Kupanda apo, muzifa nokha."

Mawu amenewa a Hector anawasunga. Chimene ankafuna pa dziko lino sichinali galimoto kapena nyumba ya malata. Ankangofuna sewero limodzi loti adzalimalize ali moyo, a Rozaria akuona.

Choncho kulikonse kumene kunamveka kuti akuyesa anthu a zisudzo, iwo ankatseka makina ndi chitenje, n'kunyamuka. Anamva kuti kampani ina ya mafilimu ikufuna anthu ku Blantyre. Anakajambulitsa chithunzi atagwira chibwano, anakwera minibasi, n'kukaima pamzere ndi achinyamata a mathalauza ong'ambika dala m'maondo. Monga telala, zinawapweteka kwambiri, moti mmodzi anamuuza kuti akadzafika ku Migowi adzamusokera ulere.

Nthawi yawo itakwana, mtsikana wonyamula mapepala anawapatsa kapu ya madzi.

"Adadi, n'zophweka. Ndinu bambo wa pakhomo, mwabwera kuchokera kumunda. Mumwe madziwa, munene kuti 'Zikomo, mwana wanga.' Basi."

"Sindifa?"

"Simufa."

"Mpaka kumapeto?"

"Adadi, ndi madzi chabe."

A Hector anamwa bwinobwino. Koma atangomeza, dzanja linayamba lokha kulowera pamimba. Iwo anayesa kuliletsa, koma thupi linazolowera ntchito yake. Anayang'ana m'kapu, anayang'ana mtsikana uja.

"Mwana wanga… wathiramo chiyani?"

Khu! Mlonda anathamanga kukaitana galimoto, mayi wina anayamba kupemphera mokuwa. Chala chitadzuka, m'pamene anthu a m'tauni aja anazindikira kuti aonetsedwa luso la ku Phalombe.

"Zikomo kwambiri, adadi. Tikuimbirani."

Foni yawo sinazimenso kuyambira tsiku limenelo. Ikalira, ankaimika makina, kukonza kolala, n'kuyankha ndi mawu a pawailesi, "Hector Muliya, wazisudzo." Nthawi zonse ankapeza kuti ndi munthu wofunsa ngati yunifolomu ya mwana wake yatha.

Kutchalitchi nako anayesa. Anachonderera akomiti mpaka anawapatsa mbali ya Lazaro, ndipo anathamangira kunyumba nkhope ili ngwee.

"Mayi a Happiness, konzani mpando! Ulendo uno ndikudzuka!"

"Lazaro amayamba ali chiyani?"

"Ali… m'manda."

"Ndiye mwapita patsogolo kwambiri. Kale munkafa sewero lili mkati, pano mukufa lisanayambe." Mpando uja sunatuluke m'nyumba.

A Lusayo anapuma pantchito n'kubwerera kwawo. Tsitsi la a Hector linachita imvi, jekete loyera lija linasanduka lachikasu m'sutikesi. Kenako kunabwera Queen, mtsikana wa ku Zomba, kudzakonza sewero la maneti a udzudzu. Ubwino wake, mbiri ya a Hector anali asanaimve. Pa tsiku loyesa anthu, iwo anadikira onse athe, n'kumuyandikira chipewa chili m'manja. Sanadzandire, sanagwire pamimba.

"Mayi, ndakalamba," anatero. "Ndafa m'maboma atatu. Mkazi wanga sanandionepo ndikuwerama kutsogolo kwa anthu. Ndipatseni mbali iliyonse, ngakhale ya mpando, bola usathyoke."

Queen anawayang'ana nthawi yaitali. Kaya anamva chisoni, kaya anasowa munthu wina wokhala ndi jekete loyera, sitikudziwa. Anawapatsa udokotala. Mawu awo anali mzere umodzi, womaliza m'sewero lonse: "Abale anga, tiyeni tizigona m'neti chaka chonse." Mbali ya wodwala inapita kwa a Sylvester, aphunzitsi a sitandade sikisi, munthu wonenepa bwino woti udzudzu ukanachita kumupempha chilolezo.

Milungu itatu a Hector ankayeserera mzere umenewu akupalasa makina. Aliyense wobwera kudzayesa thalauza ankachoka atalangizidwa za neti.

Linafika tsiku, Lachinayi masana, msika uli pakati. Anthu atamva kuti a Hector alimo, anasiya malonda n'kudzaza bwalo monga mwa nthawi zonse. Ndipo taonani, a Rozaria akubwera, chitenje chatsopano, mpando wapulasitiki uli pamutu. Anaukhazika kutsogolo penipeni, n'kukhala, manja ali pamiyendo.

Sewero linayenda mpaka pofika pa imfa. A Sylvester anayang'ana pansi, anachotsa timiyala ndi phazi, anayala nyuzipepala kuti malaya asade, n'kugona chammbali ngati munthu wakhuta. Basi, amwalira.

A Hector, ali chiimire pambali pawo ndi jekete lawo, anamva kuwawa mpaka m'mafupa. Ntchito yawo ya zaka zonsezi kuichita chipongwe chotere!

"Miyendo, aphunzitsi," ananong'ona. "Gwedezaniko miyendo."

"Ndafa kale," anayankha a Sylvester.

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina kumbuyo anakuwa, "Imfa yanji imeneyo? Ife tasiya tomato wathu padzuwa!"

"Adokotala agwe!" anakuwa a Fraser, amene pa zaka zonsezi anali asanaphonyepo imfa ya mlamu wawo ngakhale imodzi.

Bwalo lonse linalandira. "Agwe! Agwe! Adokotala agwe!"

Anthu mazana akuitana dzina lako, si zamasewera. A Hector anayamba kupinda maondo. Dzanja lamanzere linayamba ulendo wake wopita pamimba. Anayang'ana phiri la Michesi, ndipo aliyense wodziwa zinthu anadziwa kuti zayambika. Queen anagwira kumutu.

Pamenepo a Rozaria anaimirira.

"Bambo a Happiness!"

Phokoso lonse linadukiza.

"Mukangogwa pamenepo, mukadzuke n'kukatenga makina anu, mubwerere kwanu ku Chiwalo. Pakhomo paja m'pa amayi anga. Ine ndachapa, ndasita, ndabwera kudzaona mwamuna wamoyo."

A Hector anaima pakati, thupi likufuna pansi, maso ali pa akazi awo. Dzanja lija analigwira ndi linzake, n'kulilowetsa m'thumba la jekete. Anawongola maondo, limodzi kenako linalo. Anakonza kukhosi.

"Abale anga," anatero, "tiyeni tizigona m'neti chaka chonse."

Anthu anayang'anana. Theka linanyamuka likudandaula kuti masewero a masiku ano alibe phunziro. Ochita sewero anandanda, ndipo kwa nthawi yoyamba a Hector anali pamzere, dzanja lina atagwira Queen, lina a Sylvester, amene anawalola kudzuka popanda wonena kuti asokoneza uthenga. Anawerama. Munthu mmodzi yekha ndiye anaomba m'manja, koma anaomba ndithu, osasiya, mpaka amene ankachoka aja anatembenuka. A Hector anakhala chiweramire nthawi yaitali kuposa anzawo, ndipo atadzuka magalasi awo anali atanyowa.

"Mwaona?" anatero a Rozaria akuwapatsa mpando kuti anyamule. "Chinavuta n'chiyani?"

"Kukhala moyo n'kovuta, mayi a Happiness. Taonani thukutali."

Sanachitenso sewero lina. Patangotha miyezi inayi, tsiku lina masana, mwini sitolo anawapeza atatsamira mutu pamakina, phazi lili pachopalasira, diresi la sukulu litasokedwa mbali imodzi. Sanadzandire, sanatsanzike phiri, sananene za njinga. Uthenga utafika mumsika kuti a Hector amwalira, funso loyamba la anthu linali loti, "Akuchitira pati?" Mpaka anachita kuona a Fraser atakhala pansi m'fumbi, akulira ngati mwana.

Pamaliro, mwambo woona nkhope unatenga nthawi yaitali kuposa maliro ena onse amene ndinapitako. Mzere sunkayenda. Aliyense akafika pabokosi ankaima kaye pang'ono, maso osakhala pankhope koma padzanja. Palibe ananena, koma tonse tinkadikira chinthu chimodzi. Omaliza anali a Rozaria. Malemuwo anali atawavalika jekete lija, litachapidwa mpaka kuyeranso. Anawakonza kolala, n'kuwerama pafupi ndi khutu lawo.

"Zaka zonsezi mukuyeserera, n'kudzafa chonchi, ngati a Sylvester?" anatero. Kenako nawonso anayang'ana padzanja. "Nenanitu, bambo a Happiness. Ulendo uno sindikukalipirani. Nenani kuti 'ndisanapite.'"

Masewero akuchitikabe ku Migowi. Mabungwe sanathe, matenda nawo sanathe, ndipo Lachinayi lililonse pamapezeka wina woti afe. Amafa mwaulemu, mwachangu, mosunga nthawi, uthenga osasokonezeka ngakhale pang'ono. Koma mukadzapitako mudzaone. Wakufayo akangogona, amayi a m'sewero sayamba kulira msanga, ndipo palibe anawaphunzitsa zimenezo. Bwalo lonse limati zii, ogulitsa tomato amasiya kuitanira malonda, tonse maso padzanja.

Chala sichidzuka.