Kalata Yanga Yothokoza, Feteleza wa Apongozi

Lolemba

Sabata ino ndikulembera kalata bambo amene adalemba buku langa lija lothothoka chikuto. Zaka zonsezi ndimangoti mawa, mawa. Dzulo aphunzitsi ena a ku Mtunthama andiuza kuti bamboyo wakalamba ndipo akudwaladwala. Pakadafunda padajiwitsa galu!

Chonena ndi chimodzi: zikomo. Chaka chomwe tidaika mwana wathu woyamba, mayi a kunyumba adatha miyezi itatu osaseka. Ndinkawawerengera bukuli m'chigafa tikusoka fodya. Titafika pomwe mkulu wa mpingo agwera m'chitsime atavala suti yobwereka, adaseka mpaka misozi. Mwini buku ayenera kudziwa zimenezi asanatsikire kuli chete.

Zofunika:
- mapepala
- bolopeni yeniyeni, osati ija yolemba ukayamba wauzira mpweya
- envelopu ndi sitampa
- mtendere

Keyala ya osindikiza ili kumapeto. Mwayi tsamba limenelo alamu anga sadapichirire fodya.

Lachiwiri

M'mawa kuthirira nazale. Masana pansi pa mango, buku pabondo. Moni yekha wadya theka la tsamba: moyo wawo, moyo wa kunyumba kwawo, moyo wathu kuno, kutentha. Munthu wolemba mabuku sungamulonjere ngati ukugula mandasi.

Mapepala atatu ndang'amba. Lotsatiralo ndiye lakoma! Ndawerengera mayi a kunyumba. Kulakwa kwanga n'kuwerenga mokweza. Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, akuswa mtedza wa mbewu.

Lachitatu

Makuponi a feteleza afika. Makomo asanu a banja lino, kuponi imodzi. Dzina la apongozi palibe.

Madzulo akhala chapatali, nkhope kumbali: "Akamwini, munthu wolemba mabuku amadziwana ndi aboma. Ikaniponi mawu awiri a feteleza. Kupempha si kuba."

Ndafotokoza mwaulemu kuti kalatayi ndi yothokoza basi.

"Eya, muthokoze, kenako mupemphe. Ngakhale popemphera timatero."

Ndine mkamwini. Munda ndi wawo, mango ndakhalapowa ndi awo. Tsamba lachiwiri: matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Mtima ukundiwawa, koma ndalemba bwinobwino.

Lachinayi

Nkhani yawanda. Akuti ndili ndi mnzanga wamkulu m'tauni. Mnzanga! Munthu sadziwa n'komwe kuti ndilipo.

Ofika lero:
- gogo Nabanda: magalasi a maso
- akwaya: kiyibodi, ngakhale yakutha
- alamu: ntchito ya ulonda, ikasowa ya udalaivala, laisensi akaipeza konko
- matenanti awiri a pa esiteti, ochokera ku Mulanje: awatchule m'buku lotsatira, kwawo adziwe kuti akadali moyo

Matenanti okhawa ndawalembera ndi mtima wonse.

Masamba akwana anayi. Nazale ndaiwala kuthirira, mbande zagona.

Lachisanu

Alamu akuti ndiwawerengere. "Mwandiika pambuyo pa magalasi a gogo? Ine mlamu wanu?" Kukoperanso. Tsopano ali ndi tsamba lawolawo. Akwaya awonjezera mayunifolomu.

Mayi a kunyumba akungopukusa mutu: "Mukadalembera kudimba, bwenzi itapita kale." Zoona. Koma nzeru zimenezi zinali kuti Lolemba?

Tsamba loyamba ndaliwerenganso ndekha, chamumtima. Likadali bwino. Akangowerenga ili, enawa andikhululukira.

Loweruka

Pa njinga kupita ku positi, alamu pa kaliyala. Akuti akundiperekeza. Bodza, akuperekeza tsamba lawo.

Mayi wa pakauntala waika envelopu pa sikelo. Yalemera! Sitampa imodzi sikukwana, ine ndatenga ya imodzi. Alamu apisa m'thumba, atulutsa machesi.

"Chotsanimo tsamba limodzi, bambo," akutero mayiyo.

Ndayala masamba. La apongozi? Ndikagona kuti? La alamu? Ali paphewa pangapa, akundipumira m'khosi. La akwaya ndi a Nabanda? Mawa ndikumana nawo kutchalitchi. La matenanti, dzanja lakana.

"Chotsani ilo lopanda pempholo," akutero alamu. "Zothokoza adziwa okha."

Anthu pamzere akung'ung'udza. Ndachotsa. Palibe wandigwira mkono, ndachotsa ndekha! Kumata ndi malovu, kuponya m'bokosi. Pobwerera ine kupalasa, alamu akuimba mluzu.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Ndikungoona mkulu uja ali gone pabedi, wina akumuwerengera kalata ya munthu wosamudziwa wa ku Kasungu. Yopanda moni. Mawu oyamba: "Chachiwiri, bambo, nkhani ya feteleza." Buku lake silikutchulidwa paliponse. Dzina langa ndiye lili pamunsi, lolembedwa mooneka bwino.

Manyazi andigwira, chisoni ndiye chaposa. Nditumize tsamba lotsalali palokha? Kuthokoza kobwera pambuyo pa kiyibodi adzangoti ndi nyambo. Ndalipinda, lili m'buku momwemo. Mayi a kunyumba sanafunse, ndiye kuti alamu awauza.

Potuluka m'tchalitchi apongozi anjuta chapatali, akuwomba m'manja. Chikwatirire pamudzi pano sadandichitirepo zotere.

"Zikomo akamwini, mwatigwirira ntchito. Akayankha mutiuze."

Ndati palibe kanthu, amayi. Sabata yonseyi, zikomo amene wafika kwa mwini wake ndi yekhayu.